Masiki yotenthetsa zikope ya Bruder: imasungunula mafuta, koma siidzutsa timatumba tomwe tafa

Munthu akamamva ngati m'maso mwalowa mchenga, maso akumuwotcha madzulo, misozi ikungoyenderera akatuluka pamphepo, kawirikawiri amathamangira ku famase kukagula mankhwala odontheza m'maso. Amapezako bwino kwa kanthawi, kenako mchenga uja wabwereranso. Kwa anthu ambiri otere madzi a misozi alipo okwanira, chomwe chasowa ndi mafuta oti awaphimbe. Masiki ya Bruder anaipangira vuto limeneli, ndipo kuti tiiweruze mwachilungamo tiyambe taona chomwe ikulimbana nacho.

M'kati mwa chikope chilichonse muli timatumba tatitali tondandalikana ngati mizere ya m'munda, tonse toloza kumphepete kwa chikope. Chikope chapamwamba chimakhala ndi timatumba 30 mpaka 40, chapansi 20 mpaka 30. Madokotala amatitcha meibomian glands, potengera dzina la Heinrich Meibom, dokotala wa ku Germany yemwe anatifotokoza mu 1666. Kathumba kalikonse kali ndi kanjira kamodzi kapakati, ndipo m'mbali mwake mwamera timagulu ta maselo ngati nthochi pa mkoko. Maselowa amadzaza mafuta mpaka kuphulika, selo lonse n'kusanduka mafuta, ena atsopano n'kulowa m'malo mwake. Mukaphethira, minofu ya chikope imafinya, kadontho kamatulukira pa kabowo komwe kali kuseri kwa tsitsi la m'mphepete mwa chikope, n'kuyala pamwamba pa misozi kuti isaume msanga.

Mafuta abwino amakhala oyera mbee, oyenda ngati mafuta ophikira. Timatumba tikadwala, mafuta amachita mbuu, amagwirana ngati majarini wa m'mwezi wa June, mwina mpaka kumatuluka ngati mankhwala otsukira mano dokotala akafinya chikope. Pakamwa pa kanjira paja pamatsekekanso ndi tizikhungu touma. Matendawa amatchedwa meibomian gland dysfunction, mwachidule MGD. Mu 2012 Michael Lemp ndi anzake anapeza kuti mwa odwala maso ouma omwe gwero la vuto lawo linadziwika, 86 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za MGD. Nzeru ya masiki ndi yachidule: tenthetsani chikope mpaka m'kati mwake mufike madigiri pafupifupi 40, muchisunge pamenepo kwa mphindi zingapo, mafuta ogwirana aja afewe n'kutuluka.

Zomwe mumapeza m'bokosi

Masiki ya Bruder, yopangidwa ndi kampani ya ku Georgia m'dziko la America, ndi timapilo tiwiri ta nsalu yofewa tolumikizana pamphuno, ndi lamba wotanuka womangira kumbuyo kwa mutu. M'timapilomo muli timikanda tomwe kampaniyo imatitcha MediBeads. Timikandati timayamwa chinyezi cha mumpweya masiki ikakhala chikhalire, ndipo tikatenthedwa timatulutsa kutentha kwa nthunzi pang'ono. Simuthira madzi. Apa ndi pomwe masikiyi imaposa sokosi yodzaza mpunga yomwe ena amadzipangira: kutentha kwachinyezi kumalowa m'khungu bwino, ndipo timikanda sitinunkha kapena kuchita nkhungu monga mpunga umachitira ukatenthedwa kambirimbiri. Kugawa timapilo pawiri kumathandizanso kuti kalikonse kakhale m'chibowo cha diso lake, kusiyana ndi masiki zathabwa zomwe zimatsamira pamphuno n'kusiya chikope chapansi chisanakhudzidwe. Ku America imagulidwa pafupifupi madola 20 mpaka 25.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta, koma anthu amalakwitsa pa tinthu ting'onoting'ono. Chotsani ma contact lens ndi zodzola zonse za m'maso, sambani m'manja. Ikani masiki pa mbale yoyera mu microwave kwa masekondi 20. Mukaitulutsa igwedezeni kuti timikanda tisakanikirane, chifukwa microwave imatenthetsa mosalingana ndipo pena pamatha kukhala potentha kwambiri pena pofunda chabe. Iyeseni pakhungu la m'kati mwa dzanja. Ngati yazizira, onjezani masekondi 5, osati 20 ena. Ma microwave amasiyana mphamvu, ndiye masiku awiri oyamba ndi ophunzira makina anu. Khungu la chikope lili m'gulu la khungu lopyapyala kwambiri m'thupi, ndipo kupitirira madigiri 45 mwayamba kudziwotcha. Lamulo lake ndi lakuti izimveka kufunda kokoma. Ikamaluma, ichotseni idikire.

Tsekani maso, valani, gonani chagada kapena tsamirani pampando kwa mphindi 10. Lamba asakhale wothina. Cholinga ndi kutentha, osati kupanikiza diso.

Gawo lomwe ambiri amalidumpha ndi la pambuyo pake, ndipo ndi lomwe limachititsa ena kunena kuti masiki siigwira ntchito. Mafuta akasungunuka koma osatulutsidwa, amangogwirananso chikope chikazizira. Mukangochotsa masiki, phethirani mwamphamvu kasanu kapena kakhumi, kutseka maso n'kufinya pang'ono. Kenako ndi chala choyera sisitani chikope chapamwamba kuchokera m'mwamba kutsikira kumphepete, chapansi kuchokera m'munsi kukwera kumphepete, kuyambira kumphuno mpaka kumbali, motsata momwe timatumba tagonera. Kusisita chopingasa n'kungotaya nthawi. Malizani popukuta m'mphepete mwa chikope ndi thonje lonyowetsa m'madzi owiritsa omwe azizira. Maso amachita chimbuuzi kwa mphindi zingapo chifukwa cha mafuta omwe angotuluka, choncho musachite zimenezi mukufuna kuyendetsa galimoto pompo.

Kawiri patsiku kwa milungu iwiri yoyamba, kenako kamodzi patsiku, ndiye dongosolo lomwe madokotala a maso ambiri amapereka. Musayembekeze zodabwitsa tsiku lachitatu. Kusintha kumamveka pakatha milungu ingapo, ndipo mukasiya, vuto limabwerera pang'onopang'ono, monga zimakhalira mukasiya kutsuka mano.

Pomwe imaperewera

Choyamba ndi microwave yomwe. Masikiyi popanda microwave ndi nsanza chabe: simungaiike mumphika wa madzi kapena pambaula. Kwa munthu wa ku Johannesburg kapena Leeds zimenezi si nkhani, koma kumudzi kuno nyumba zambiri zilibe makinawa, ndipo zomwe zili nawo zimadalira kuti magetsi akhale alipo m'mawa ndi madzulo. Musanatume m'bale wa kunja kuti akugulireni, yambani mwaganiza zimenezi.

Chachiwiri, kutentha kumatsika. Mphindi zoyamba imakhala yabwino, koma pofika kumapeto kwa mphindi 10 imakhala yangofunda, makamaka m'chipinda chozizira. Ndipo zomwe mumamva pakhungu sizomwe zikufika kwa timatumba, poti timatumba tili kuseri kwa khungu, minofu ndi mitsempha ya magazi yomwe imanyamula kutentha n'kupita nako kwina. Mu 2015 Donald Korb ndi anzake ku Boston anayerekeza njira zosiyanasiyana zotenthetsera zikope poyeza kutentha kunja ndi m'kati momwe. Yomwe inafikitsa m'kati mwa chikope kupitirira madigiri 40 inali njira ya matawulo angapo onyowa okulungidwa pamodzi, munthu n'kumasenda limodzilimodzi pakatha mphindi ziwiri zilizonse, lozizira n'kuika pambali. Masiki zogula zinatsalira pang'ono pa muyeso umenewu.

Nkhani imeneyi ndi yabwino kwa yemwe alibe microwave. Tengani timatawulo tinayi kapena tisanu toyera ndi beseni la madzi otentha oti dzanja lingapirire, fulasiki ili pambali yowonjezera madzi akayamba kupola. Finyani kathawulo kamodzi, pindani, ikani pamaso, pakatha mphindi ziwiri sinthani ndi kena kochokera m'beseni. Kasanu, zakwana mphindi 10. Chomwe sichithandiza ndi kathawulo kamodzi kosiyidwa pamaso: kamapola isanathe mphindi yachiwiri, kenako madzi akamauma kamayamba kuziziritsa chikope chomwe mumafuna kutenthetsa. Ndiye bwanji kugula masiki ngati matawulo amafika patali? Chifukwa ndi anthu ochepa omwe angapirire beseni ndi fulasiki tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Masekondi 20 ndi kugona chagada ambiri amakwanitsa, ndipo pa matenda awa njira yopambana ndi yomwe munthu angaichite mawa ndi mkuja. Ndalama yanu ikugula kuphweka.

Pali zina zofanana nayo. EyeBag yoyambirira ya ku Britain inapangidwa ndi njere za flax m'kati. Imagwira ntchito mofanana, kungoti njere sizichapika. Bruder imachapika ndi manja m'sopo wofewa, koma iume mokwanira, tsiku lathunthu, isanalowenso mu microwave, apo ayi madzi otsalira m'timikanda amatentha mopyola muyeso. Masiki za magetsi zolumikiza pa USB zimasunga kutentha mofanana mphindi zonse ndipo zimayenda ndi power bank, zomwe ndi zothandiza komwe magetsi amavuta. Vuto lake kutentha kwake n'kouma, ndipo zotsika mtengo zopanda dzina sizidalirika pa madigiri omwe zimalemba. Ngati mwagula yotero, yambani pa mlingo wotsikitsitsa, ndipo musagone nayo tulo.

Chomwe kutentha sikungachite

Otsatsa malonda pa intaneti ena amalemba kuti masiki kapena makina awo amameretsanso timatumba. Apa mpofunika kuchedwapo, chifukwa ndi pomwe anthu amataya ndalama.

Timatumbati timamangidwa kamodzi, mwana ali m'mimba. M'mwezi wachitatu wa pakati zikope za mwana zimamatana, ndipo zimakhala zomatana mpaka cha m'mwezi wachisanu ndi chimodzi. M'nyengo imeneyi maselo a khungu la m'mphepete mwa chikope amakhuthala pamalo ena, n'kuyamba kulowa m'kati ngati muzu ukulowa m'nthaka, kenako amaphuka nthambi zomwe zimadzasanduka timagulu topanga mafuta. Zambiri zomwe zikudziwika pa izi zachokera ku mbewa za m'malabotale, osati zapamsewu zija zapandodo. Mwa mbewa zimenezi kachiyambi ka kathumba kamaoneka tsiku la 18 ndi theka m'mimba, ndipo pofika masiku pafupifupi 15 chibadwire, nthawi yomwe maso angotseguka, timatumba takhwima.

Maselo sadziwa okha kuti alowere kuti. Amauzidwa ndi mapuloteni omwe maselo oyandikana nawo amatulutsa. Puloteni ikakakamira pa cholandirira chake pakhungu la selo, m'kati mwa selo mumayambika ndondomeko yomwe imathera pa kutsegula kapena kutseka majini ena, omwe ndi malangizo a chibadwa osungidwa m'selo. Uthenga umodzi wofunika ndi wa puloteni yotchedwa ectodysplasin, mwachidule EDA, yomwe imalandiridwa ndi EDAR. Mbewa zotchedwa Tabby, zomwe jini yawo ya EDA ndi yolakwika, zimabadwa zopanda timatumbati. Anthu obadwa ndi vuto lomweli, matenda otchedwa hypohidrotic ectodermal dysplasia, amakhala ndi tsitsi lochepa, mano ochepa osongoka, satuluka thukuta mokwanira, ndipo timatumba ta m'zikope timakhala tochepa kapena kulibiretu. Munthu wotere mungamutenthetse zikope chaka chonse, palibe choti chisungunuke. Uthenga wina ndi wa gulu la FGF, wolandiridwa ndi FGFR2, womwe umauza maselo kuti achulukane. Ndipo kuti selo lisiye kuchulukana liyambe kudzaza mafuta, pamafunika puloteni ya m'kati mwake yotchedwa PPAR-gamma. James Jester ndi anzake ku University of California, Irvine anaonetsa kuti mwa mbewa zokalamba puloteni imeneyi imachepa mphamvu, timatumba n'kumafota.

Mauthengawa satha mwana akabadwa, poti kathumba kamataya maselo tsiku lililonse ndipo kayenera kupanga ena. Gulu la Lixing Reneker ku University of Missouri linachotsa FGFR2 m'timatumba ta mbewa zazikulu, timagulu topanga mafuta tinafota. Pambuyo pake anaona kuti komwe kanjira kapakati kanapulumuka, timagulu tinaphukanso. Komwe kanjira kanawonongeka kwambiri, kuphukanso kunali kochepa. Mu 2025 gulu la Sarah Millar ku Mount Sinai mumzinda wa New York linafotokoza maselo a mbewu omwe amadzazanso timatumbati, n'kuonetsa kuti amadalira uthenga wotchedwa Hedgehog, womwe pamodzi ndi wina wa cholandirira chotchedwa EGFR umachepa ukalamba ukamafika. Wina angafunse kuti bwanji osangopanga mankhwala okweza Hedgehog. Yankho ndi lakuti uthenga womwewo ukapyola muyeso ndi womwe umayambitsa khansa ya pakhungu yotchedwa basal cell carcinoma. Si chinthu chongopaka n'kumayembekeza zabwino.

Zonsezi zikutiuza pomwe masiki ili ndi malire. Kutentha kumasintha kulimba kwa mafuta. Sikutumiza EDA, sikudzutsa FGFR2, sikubweza PPAR-gamma. Chomwe kungachite ndi kuteteza zomwe zilipo. Kanjira kakatsekeka nthawi yaitali, mafuta amadzadza m'kati, kanjira kamafufuma, timagulu ta m'mbali timapanikizika n'kufota, kathumba n'kufupika kuchokera kumapeto. Pa chithunzi cha meibography, chomwe amajambula atatembenuza chikope pogwiritsa ntchito kuwala kwa infrared, timatumba tamoyo timaoneka ngati mizere yoyera, ndipo pomwe tafa pamangokhala mdima. Munthu yemwe mizere yake yambiri ikadalipo, masiki imupindulira. Yemwe watsala ndi tizidutswa, imuthandiza pang'ono chabe, ndipo adzafunikabe mankhwala odontheza okhala ndi mafuta. Masiki ndi yogula msanga, osati yothawirako zonse zitalephereka.

Pa chifukwa chomwechi, onani mankhwala omwe mukumwa. Isotretinoin, yemwe amaperekedwa pa ziphuphu zovuta ndipo ambiri amamudziwa kuti Roaccutane, amagwira ntchito pofotetsa timatumba ta mafuta ta pakhungu, ndipo ta m'zikope satisiya. Mankhwala ena a khansa otseka EGFR nawo amavutitsa zikope. Masiki ingachepetse kuwawa, koma nkhani yeniyeni ndi yokambirana ndi dokotala yemwe anapereka mankhwalawo. Chimodzimodzi achikulire omwe anadwala matenda a maso a trachoma kalekale: ngakhale bungwe la WHO linatsimikiza mu 2022 kuti Malawi wathetsa matendawa ngati vuto la dziko, zipsera zomwe anasiya m'kati mwa zikope zimakoka timabowo ta timatumba n'kutichotsa pamalo pake, ndipo chipsera sichisungunuka ndi kutentha.

Nanga makina okwera mtengo a kuchipatala? LipiFlow, yomwe inavomerezedwa ku America mu 2011, imatenthetsa chikope kuchokera m'kati pa madigiri 42.5 kwa mphindi 12, uku ikufinya kunja. Nzeru yake ndi yabwino chifukwa imadumpha vuto la khungu ndi magazi lija. Koma ulendo umodzi ndi madola mazanamazana, ndipo bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula umboni wa zachipatala, litaunika kafukufuku wa makinawa mu 2024 silinapeze umboni wolimba woti imaposa kutenthetsa zikope kunyumba. Ina ndi IPL, kuwala kwamphamvu komwe amawombera pakhungu la m'munsi mwa maso. Iyi ndi yofunika kusamala nayo kwambiri kwa ife akhungu lakuda, chifukwa kuwalako kumayamwidwa ndi melanin, chinthu chomwe chimadetsa khungu, ndipo kumatha kuwotcha kapena kusiya mabala osintha mtundu wa khungu. Wokupatsani IPL osayamba wakamba za mtundu wa khungu lanu, nyamukani. Makapusozi a omega-3 nawo amatsatsidwa kwambiri, komabe kafukufuku wamkulu wa DREAM wa mu 2018 anapeza kuti pa maso ouma sanapose makapusozi a mafuta a olive omwe anawayerekeza nawo.

Chinthu chaulere chomwe chimawonjezera mphamvu ya masiki ndi kuphethira. Munthu akayang'anitsitsa foni kapena kompyuta amaphethira kochepa, ndipo kambiri chikope chapamwamba chimabwerera chisanakhudze chapansi, kotero timatumba sitifinyidwa. Kutenthetsa mphindi 10 kenako n'kutong'ola maso pa WhatsApp maola asanu ndi kutunga madzi ndi dengu.

Oyenera kuisiya

Si diso lililonse lofiira lomwe limafuna kutentha. Ngati vuto lalikulu ndi kuyabwa, makamaka mwa ana omwe maso awo asanduka ofiirira ndipo amawatikita nthawi ya fumbi ndi dzuwa, kawirikawiri ndi allergy, kutanthauza thupi kudana ndi zinthu zina monga fumbi, ndipo kutentha kumawonjezera kuyabwako; pamenepo pamafunika kansalu kozizira ndi mankhwala ake. Omwe anauzidwa kuti ali ndi keratoconus asasisite diso atalitenthetsa, poti galasi la kutsogolo kwa diso lawo ndi lofooka kale ndipo kulipanikiza kumalipindanso. Yemwe wangochitidwa opaleshoni ya diso adikire chilolezo cha dokotala wake. Ndipo masiki ndi ya munthu mmodzi. Nthawi ya maso ofiira opatsirana, kubwerekana ndi kugawana matenda.

Pa kachotupa ka pachikope, kaya kowawa kapena kolimba kosawawa komwe kamabwera kathumba kamodzi kakatsekeka, masikiyi imachita bwino kwambiri: mphindi 10, katatu kapena kanayi patsiku, osakafinya ndi zikhadabo. Tambiri timaphwa pakatha milungu ingapo. Koma kachotupa kakamabwerera pamalo amodzimodzi, makamaka mwa munthu wachikulire, kapena tsitsi la m'mphepete mwa chikope likamathothoka pamalo pamenepo, ikani masiki pambali mupite kuchipatala cha maso, monga cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre, cha Kamuzu Central ku Lilongwe kapena cha Nkhoma. Timatumba tomweti timatha kugwidwa ndi khansa yotchedwa sebaceous carcinoma, yomwe poyamba imaoneka ndendende ngati kachotupa wamba, ndipo imadziwika pokhapokha atadula kachidutswa n'kukayeza.